A Thousand Suns ndi mabandi a kuno: chimbale cha mutu umodzi chimamangidwa bwanji?

Che Bezi: Moni nonse pa gulu. Mabandi ambiri oimba m'malo ogona alendo kuyambira pa Mangochi Boma mpaka ku Cape Maclear amadalira reggae ndi nyimbo za eni ake. Pano achinyamata ena ayamba kukamba zolowa mu rock, ndipo sakufuna kanyimbo kamodzi ayi, akufuna chimbale chathunthu cha mutu umodzi, monga nkhani ya nyanja ndi asodzi. Chitsanzo chomwe chili pakamwa pawo ndi chimbale cha A Thousand Suns cha bandi ya ku America ya Linkin Park. Odziwa tithandizeni: chimbale chimenechi chinamangidwa bwanji, ndipo ndi ziti zomwe zingatheke mu situdiyo ya chipinda chimodzi kuno kwathu?

Madala a ku Malindi: Zikomo Che Bezi. Tiyambire komwe anachokera. Hybrid Theory cha 2000 ndi Meteora cha 2003 zinali ndi kamangidwe kamodzi: Mike Shinoda kurapa pa vesi, Chester Bennington kukweza mawu pa kolasi, gitala yolemera ya Brad Delson kudzaza ponseponse, pakatha mphindi zitatu nyimbo yatha. Pa Minutes to Midnight cha 2007 anaitana wokonza zimbale Rick Rubin n'kuyamba kuchepetsa rap. Koma pa A Thousand Suns, chomwe chinatuluka mu Seputembala 2010, ndiye anasinthiratu. Anachikonza Rubin ndi Shinoda, ndipo mutu wake ndi mantha a nkhondo ya mabomba a nyukiliya, munthu kudziononga ndi zopanga zake zomwe. Gitala inabwerera kumbuyo, kutsogolo kunabwera synthesizer, piyano, ng'oma za makina ndi mawu opotokola.

Chinthu chimodzi anyamatawo achimvetse msanga. M'chimbale chimenechi mulibe munthu woti mumutsatire kuyambira poyamba mpaka pomaliza, muli mutu basi. Tommy cha The Who cha 1969 ndi The Wall cha Pink Floyd cha 1979 ndiye muli munthu amene nkhani ikumulondola. Mtundu wachiwiriwu ndi wovuta kwambiri, chifukwa nyimbo iliyonse iyenera kusuntha nkhani, ndipo mumapezeka mwalemba nyimbo zofooka pongofuna kufotokoza kuti munthu uja wachoka apa wafika apo. Kwa oyamba kumene, mutu umodzi ndi wokwanira.

Mlongo Kiyibodi: Ndionjezere manambala pa zomwe anena madala. Pa chikuto pali mayina 15, koma nyimbo zenizeni ndi 9. Zotsala 6 ndi tizidutswa tolumikizira: The Requiem, The Radiance, Empty Spaces, Jornada del Muerto, "Wisdom, Justice, and Love", komanso Fallout. Chonse chimatha pafupifupi mphindi 48. Empty Spaces ndi masekondi 18 okha.

Tizidutswa timeneti si tongodzazira malo. Mawu omwe mumamva pa nambala 1 ndi a The Catalyst, yomwe ili pa nambala 14, koma poyambapo amaimbidwa ndi liwu lopyapyala lokonzedwa pa makina. Fallout pa nambala 13 ikubweza mawu a Burning in the Skies ya pa nambala 3, kudzera mu vocoder, makina osandutsa liwu la munthu kukhala ngati la loboti. Choncho womvera akafika kumapeto amamva zinthu zoti anazimvapo kale, zitangosintha nkhope. Ndiye pali zolankhula za anthu atatu: Robert Oppenheimer yemwe anatsogolera asayansi opanga bomba la nyukiliya, Mario Savio wotsogolera zionetsero za ophunzira ku Berkeley mu 1964, ndi Martin Luther King Jr. mu 1967. Mverani bwino ya King. Liwu limayamba ngati la munthu, pang'onopang'ono likusanduka la makina mpaka kumapeto. Mutu wonse wa chimbale uli m'kachidutswa kameneko popanda woimba kunena kanthu. Nalo dzina la Jornada del Muerto ndi la chipululu cha ku New Mexico komwe anayesera bomba loyamba la nyukiliya pa 16 Julaye 1945.

Mnyamata wa Gitala: Koma akuluakulu tisanamizanepo. Munthu akuika chimbale cha rock, n'kudikira pafupifupi mphindi zitatu nyimbo yeniyeni isanayambe? Otsatira ambiri anakwiya nazo, ndipo pa Living Things cha 2012 bandi inabwerera ku nyimbo zazifupi zolunjika. Kwa anyamata a kuno, omwe ali ndi gitala imodzi, bezi, ng'oma ndi kiyibodi yobwereka ku tchalitchi, chitsanzo choyenera ndi American Idiot cha Green Day cha 2004. Iwo sanataye zida zawo. Anasintha kamangidwe ka nyimbo. Jesus of Suburbia ndi ya mphindi 9, yogawidwa m'magawo asanu, gawo lililonse ndi liwiro lake, koma zida ndi zomwezo za punk. Zimenezo zitha kuimbika pa mchenga popanda laputopu.

Madala a ku Malindi: Mwana wanga, pa zida mwanena zoona. Pa zokwiya, n'zoonanso kuti otsatira anagawikana, ngakhale chimbalecho chinayambira pa nambala 1 pa Billboard 200, mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku America. Koma funso langa kwa bandi iliyonse n'lakuti chikukusinthitsani n'chiyani? Tayang'anani kwa anzathu ku Zambia. WITCH inali bandi ya rock ya m'ma 1970, Jagari Chanda ali kutsogolo. Iye atachoka, bandi inalowa mu disco pa Movin' On cha 1980. Kumeneko kunali kusintha kobwera ndi anthu atsopano komanso msika. Kwa Linkin Park, makina anabwera chifukwa nkhani yake ndi ya makina kumeza munthu. Ngati anyamata athu akufuna gitala yokalipa chifukwa nyimbo ikunena za mwera kugubuduza bwato usiku, ndikumva. Ngati n'chifukwa choti azungu a ku Cape Maclear aziombera m'manja, chimbalecho chidzamveka chobwereka.

Injiniya wa pa Boma: Ine ndilowe mu situdiyo, chifukwa zimbale zotere zimafera kumeneko.

Musanayatse kompyuta, tengani pepala lalikulu. Mzere uliwonse nyimbo imodzi: dzina, kiyi, liwiro mu BPM (kugunda kungati pa mphindi imodzi), utali, ndi chomwe nyimboyo ikuchita pa mutu wanu. Pepala limeneli likuonetsani mavuto ndalama isanatuluke m'thumba. Mukaona nyimbo zinayi zotsatizana zili pakati pa 72 ndi 80 BPM, dziwani kuti reggae ija sinakuchokeni m'magazi, ndipo womvera agona pakati pa ulendo. Mukaona nyimbo ikuthera mu E minor, yotsatira n'kuyambira mu F minor, polumikizapo padzamveka ngati wina waphonya. Zogwirizana mosavuta ndi E minor ndi G major, A minor ndi C major, kapena D ndi A. Ngati palibe kuchitira mwina, kachidutswa kolumikizira kagwire ntchitoyo: pezani noti yopezeka m'makiyi onse awiri, monga C pakati pa E minor ndi F minor, muigwire pa kiyibodi masekondi 15 kapena 20, zina zonse zizime, nyimbo yatsopano ilowere pansi pake.

Ng'oma za chimbale chonse zijambulidwe masiku otsatizana, maiki osasunthidwa. Matani tepi pansi pomwe pali miyendo ya masitandi, mujambulenso chithunzi pa foni. Mukajambula nyimbo zitatu mu Juni, zina mu Okutobala, chimbale chidzamveka ngati mabandi awiri. Mapulojekiti onse akhale pa 24 bit ndi 48 kHz. Fayilo ya 44.1 ikalowa mu pulojekiti ya 48 osasinthidwa, imathamanga ndipo imakwera pafupifupi semitoni imodzi ndi theka, ndiye woimba amayamba kunyozedwa kuti akuphonya kiyi pomwe wolakwa ndi wa pa kompyuta. Mita izisewera cha m'ma -18 dB, pokwera kwambiri isadutse -6.

Gitala ya rock: vuto la obwera kuchokera ku reggae ndi kutsegula gain, batani lokalipitsa gitala pa ampu, mpaka kumapeto poganiza kuti ndiko kulemera. Zotsatira zake ndi phokoso lopanda manoti. Bwezani gain cha pakati, ikani maiki ngati SM57 masentimita awiri kapena atatu kuchokera pa nsalu ya ampu, osati pakati penipeni pa sipika koma chapambali pang'ono. Imbani gawo lomwelo kawiri, lina kumanzere lina kumanja. Kukopa fayilo imodzi n'kuiika mbali ziwiri sikuthandiza, imabwerera pakati basi. Dulani zonse za pansi pa 80 kapena 100 Hz kuti bezi ipeze malo.

Mlongo Kiyibodi: Achimwene musaiwale nyengo yathu. Thukuta ndi chinyezi cha kunyanja kuno zimapha mawaya a gitala msanga kwambiri. Asinthidwe dzulo lake, akokedwe kuti akhazikike, ndipo tuner igwire ntchito nthawi iliyonse musanajambule.

Injiniya wa pa Boma: Eya chemwali. Ndipo pa nyengo pomwepo: denga la malata ndi mvula ya Disembala mpaka Malichi sizigwirizana ndi maiki. Okutobala ndi Novembala muyenera kuzimitsa fani pojambula, ndipo chipinda chotseka m'kutentha kwa Mangochi woimba satha mphindi 20 mawu asanaume. Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti. Ngati situdiyo ili pafupi ndi mzikiti kapena tchalitchi, nthawi za mapemphero n'zodziwika kale, zikhale nthawi zanu zopuma.

Kung'ung'udza kwa magetsi kuli pa 50 Hz. Kawirikawiri kumabwera chifukwa ampu ili pa soketi ina, kompyuta pa ina, kapena nyumba ilibe waya wa earth. Zonse zichokere pa extension imodzi yokhala ndi earth. Kukapitirira, chotsani chaja cha laputopu mujambule pa batire. Musathyole phini ya earth pa pulagi ya ampu ngati mmene ena amachitira, woimba gitala akhoza kugwidwa ndi magetsi akakhudza maiki ndi milomo. UPS, batire yogwirizira kompyuta magetsi akathima, ngakhale yaing'ono ndi yofunika, magetsi akathima pakati pa kusunga pulojekiti imatha kukana kutsegukanso. Tsiku lililonse pomaliza, kopani zonse pa hard drive ina.

Wa Ng'oma ku Mpondasi: Sikomo kwejinji a Injiniya. Tsopano mbali yanga. Ngati chimbalechi chikhala cha kuno, ng'oma zathu zilowamo, ndipo apa ndi pomwe ambiri amasokoneza. Rock yambiri imayenda pa 4/4, kugunda kulikonse kugawika pawiri. Magule athu ambiri kugunda kulikonse kumagawika patatu. Mukasiya pulojekiti pa 4/4 wamba n'kuuza woimba ng'oma ya chikopa kuti atsatire click, kugunda kwa pa kompyuta kosunga liwiro, adzalimbana nayo tsiku lonse. Ikani pa 12/8, click izigunda kanayi pa bar, aliyense azidzaza zitatuzo mkati. Gitala nayo riff yake, kagawo kobwerezabwereza kaja, ilembedwe m'zitatu, osati kukakamiza ya 4/4 pamwamba. Rock siletsa zimenezi. Money ya Pink Floyd pa The Dark Side of the Moon cha 1973 ili pa 7/4, n'kulowa mu 4/4 pa solo ya gitala, ndipo anthu amaigwedezera mutu osadziwa n'komwe.

Ng'oma ya chikopa ikawambidwa pa moto imakwera, ikamazizira imatsika. M'nyimbo ya mphindi zisanu mutha kuyamba ili pamwamba n'kumaliza itagwa. Jambulani zidutswa za mphindi ziwiri, mbaula ikhale panja pafupi, ndipo musanayambe chidutswa chilichonse yerekezani ndi noti ya bezi. Maiki awiri, wina pamwamba pa chikopa wina kukamwa kwa pansi, wa pansiyo mutembenuze polarity (batani lotembenuza funde la mawu), apo ayi kulemera konse kumasowa. Ng'oma yaikulu ndi kick, ng'oma yoponda ndi phazi ija, zimalimbirana malo pakati pa 60 ndi 100 Hz. Sankhani mwini malo pa nyimbo iliyonse, inayo muichepetse pamenepo. Ndipo chonde osaongola manja a munthu ndi quantize, yomwe imakokera kugunda kulikonse pa nthawi yake yeniyeni, mpaka 100, kukoma kwa gule kuli m'kuchedwa pang'ono kumeneko.

Kwa ofuna mutu wa nkhondo ngati wa Linkin Park, beni tili nayo kale pano. Inachokera ku kutsanzira perete ndi bandi za asilikali. Wisulo ndi kuguba kwa beni pansi pa gitala yolemera, simufunikanso kubwereka liwu la Oppenheimer.

DJ wa pa Makawa: Mabwana, zonsezi n'zokoma, koma ndani amvere mphindi 45 motsatana? Nyimbo kuno zimayenda imodziimodzi, pa WhatsApp ndi pa memori. Woika nyimbo pamsika amasankha ziwiri zovinika, tizidutswa tanu ta masekondi 30 amatifufuta poganiza kuti ndi mafayilo oonongeka. Mawayilesi aang'ono a Bluetooth ena amasewera motsata dzina, ena motsata mmene mafayilo analowera mu memori. Chimbale chanu chidzayambira pakati.

Mnyamata wa Gitala: Ndi zomwe ndikunenazo.

Injiniya wa pa Boma: DJ sakunama, koma njira zilipo. Mayina a mafayilo ayambe ndi 01, 02, osati 1, 2, apo ayi nambala 10 imabwera patsogolo pa 2. Tizidutswa tatifupi musatipatse fayilo yakeyake pa mtundu wa memori, timateni kumchira kwa nyimbo yapitayo. Osati kumutu kwa yotsatira, chifukwa DJ akadina n'kumva mafunde masekondi 40 amadumpha.

Tulutsani mitundu iwiri. Woyamba, chimbale chonse fayilo imodzi. Linkin Park nawo anachigulitsapo motero pa iTunes, chonse ngati nyimbo imodzi. Pa 128 kbps mphindi imodzi ndi pafupifupi 1 MB, ndiye mphindi 45 ndi cha m'ma 43 MB, pa 192 kbps cha m'ma 65 MB. Pa WhatsApp itumizidwe ngati document. Wachiwiri, nyimbo zitatu zamphamvu zokonzedwa mwapadera, zoyamba bwino n'kutha bwino, mphindi zitatu kapena zinayi, zopita ku wailesi ngati Dzimwe ndi kwa ma DJ.

Chifukwa china cha fayilo imodzi n'chakuti MP3 imaonjezera kachetechete kakang'ono kumutu ndi kumchira kwa fayilo iliyonse. Noti ija mwaigwira kuti ilumikize nyimbo ziwiri imadukira pakati, n'kumveka kuti "thi". Pa mastering, ntchito yomaliza yosalaza chimbale, yalani chimbale chonse mu session imodzi, konzani polumikiza, kenako muike zizindikiro zodulira, ndipo muzidula pomwe funde la mawu likudutsa pa ziro. Za pa intaneti tumizani WAV, kukweza kwake cha m'ma -14 LUFS (muyeso wa kukwera kwa mawu), nsonga isadutse -1 dB. Musakweze kachidutswa kalikonse kuti kafanane ndi nyimbo za gitala, komanso musakasiye pansi kwambiri. Kakatsika kupitirira 8 dB, mu minibasi ya ku Monkey Bay injini idzakameza. Pomaliza mverani pa sipika ya foni komanso mu mono. Bezi ikasowa pa foni, ionjezereni saturation, kukhakhala kwa mawu, pang'ono kuti imveke cha m'ma 700 Hz kupita m'mwamba.

Achemwali a ku Monkey Bay: Ndilankhulepo za mawu a anthu ndi umwini, anyamata asadzalire. Zolankhula za atsogoleri ndi zodulidwa pa wailesi zili ndi eni ake. Bandi yaikulu ili ndi kampani yoti ipemphe chilolezo n'kulipira, inu mulibe. Njira yabwino ndi ya Pink Floyd pa The Dark Side of the Moon. Roger Waters analemba mafunso pa timakadi, n'kumaitana anthu opezeka ku situdiyo ya Abbey Road, mpaka mlonda wa pakhomo, kuti ayankhe pa maiki. Mawu omwe mumamva pakati pa nyimbo ndi amenewo. Inu lembani mafunso asanu afupiafupi, pitani padoko, funsani asodzi, amayi oyanika usipa pa thandala, okhoma mabwato. Afotokozereni kuti mawu apita pa chimbale chogulitsa, asayine kapena avomere pa maiki pomwepo. Ayankhe m'Chiyao kapena m'Chichewa mmene akufunira, musawaongole. Pa Jornada del Muerto paja amaimba m'Chijapani, ndipo palibe anadandaula.

Nyimbo za ku jando ndi ku nsondo zisiyeni, ngakhale wina atakuimbirani mseri. Si zanu kuti muzitulutse, ndipo mudzadana ndi mudzi wonse.

Pojambula kunyanja, mwera wa Juni mpaka Ogasiti ndi mdani wa maiki. Siponji yokha sikwanira, pafunika chophimba cha ubweya chija. Pitani mbandakucha mphepo isanadzuke, maiki ikhale mita imodzi kuchokera pomwe funde likuswekera, ndipo jambulani mphindi zosachepera zisanu pamalo amodzi. Funde la masekondi khumi lobwerezabwereza khutu limalizindikira.

Musanatulutse, lembani pepala la magawo: ndani analemba mawu, ndani nyimbo, aliyense maperesenti angati, kuphatikizapo tizidutswa tija, n'kukalembetsa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso. Mabandi amapasuka pa mfundo imeneyi chimbale chikangoyamba kumveka.

Che Bezi: Funso lomwe labwera ku inbox: nanga pa siteji? Bandi ikaitanidwa malo ngati ku Nkopola, komwe Lake of Stars inachitikirapo, iimbe chimbale chonse motsatana?

Madala a ku Malindi: Ayi, osati poyamba. Anthu abwera kudzavina zomwe akuzidziwa. Tsegulani ndi ziwiri zakale, lowetsani zatsopano zitatu zolumikizana pamodzi ndi tizidutswa take, pafupifupi mphindi 12 mpaka 15, kenako bwererani ku zodziwika. Chimbale chonse chisungireni tsiku lokhazikitsa, pomwe aliyense wagula tikiti akudziwa chomwe wadzera.

Mnyamata wa Gitala: Ndiye mafunde ndi mawu a asodzi aja atuluka kuti pa siteji? Tabwereranso ku laputopu.

Injiniya wa pa Boma: Sipafunika laputopu, ndipo padzuwa la kunyanja imatentha n'kuima. Foni yakale ndi yokwanira, ikhale pa flight mode. Konzani fayilo ya stereo: kumanzere click yokha, kumanja mafunde, mawu ndi synthesizer mu mono. Chingwe cha 3.5 mm chogawika pawiri, kumanzere kupite ku kamikisa kakang'ono ka woimba ng'oma ndi mahedifoni ake, kumanja kudutse mu DI box, kabokosi kolumikizira chida ku mikisa, kupita ku mikisa yaikulu. Yesani musanayambe kuti click sikudontha ku masipika a anthu, zingwe zotchipa zimachita zimenezo. Pa tizidutswa topanda liwiro, monga mawu a msodzi, click isakhalepo, koma muikemo kugunda kwa ma bar awiri nyimbo yotsatira isanalowe.

Wa Ng'oma ku Mpondasi: Ndipo wodina foniyo akhale wa ng'oma yemweyo, osati wa pa mikisa. Ikhale kumanzere kwake pafupi ndi hi-hat, yomatidwa ndi tepi kuti isagwe. Bandi ikasochera pakati pa nyimbo, iye aimitse fayilo, nyimbo ipitirire ndi manja okha. N'chifukwa chake bezi ndi kolasi zisamaikidwe mu fayilo imeneyo.

Mlongo Kiyibodi: Bezi ayi ndithu. Koma noti yolumikizira ija ndiisiyireni pa kiyibodi, musaiike mu foni. Wa gitala akafuna masekondi ena 10 kuti atsitse waya wa E kupita ku D, ndingoigwirabe mpaka atagwedeza mutu.